Dzenje la Mpesa

Kanthambi ka mpesa kanachokera ku Kachebere katakulungidwa m'chiguduli chonyowa. Vitus anakapempha kwa mnzake wogwira ntchito m'dimba kumeneko, ndipo mkazi wake Luwiza anakalera m'chitini miyezi iwiri mpaka kanaphuka masamba.

Mtima wa Luwiza sunali pa zipatso ayi. Vitus anali mkamwini wochokera ku Dedza, wokulira m'maesiteti a fodya, kumene munthu sabzala mtengo poti sadziwa kumene adzagone chaka chamawa. Tsopano anali atamanga nyumba ya njerwa zowotcha kumapeto kwa munda wa apongozi ake, pafupi ndi kamtsinje kamene aliyense ankati ndiko malire a Zambia. Nyumba imeneyi ndiyo inali zonse zimene awiriwo anali nazo, ndipo mpesawo unali ngati kunena kuti tafika, sitisamukanso.

M'mawa wa Loweruka anazungulira bwalo lonse, chitini m'manja. Pansi pa mango panali mthunzi wambiri. Kuseri kwa bafa madzi ankadikha. Pafupi ndi khola Vitus anangoseka.

"Pamenepa ndiye kuti tikubzalira mbuzi zakozi."

"Mbuzi zangazo si zimene munadya pa Khirisimasi, aVitus?"

Mapeto ake anasankha kachitunda ka kum'mawa kwa nyumba, pamene dzuwa limayambira kuwomba ndipo madzi a mvula sakhalitsa. Vitus analavulira m'manja n'kugwira khasu.

Mayi ake a Luwiza, a Tabeth, ankasenda mtedza chapatali atafulatira, monga ankachitira nthawi zonse mkamwini akakhala pabwalo. Zaka zitatu zonsezi anali asanayang'anane naye m'maso. Mawu awo ankadzera mwa Luwiza. Atamva khasu anakodola mwana wawo.

"Uwauze akamwini asakumbe pamenepo."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Pali chiswe. Kawauze msanga."

Luwiza anachita manyazi kukaletsa mwamuna wake pa ntchito imene ankaikondwerera chotere, choncho mawuwo anawafewetsa m'njira.

"Amayi akuti musamale chiswe."

"Uwathokoze. Tithiramo phulusa."

Dzenje litafika m'mawondo, khasu linalira ngwee! Vitus anafukula ndi manja. Sunali mwala. Chinali chipilala cha simenti chogona chammbali, chosalala, ndipo atachipukuta panaoneka chilembo chachikulu: Z.

Luwiza anachizindikira nthawi yomweyo. Zipilala zotere anaziwonapo m'mbali mwa njira ya ku Mwami, zitaima pamalire.

"AVitus, kwirirani," ananong'ona.

Koma a Tabeth anali atafika kale, lichero litagwa kumbuyo, mtedza uli mbwee. Anagwada pamphepete pa dzenje n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso. Vitus anataya khasu.

"Bambo, ndikhululukireni," anatero mayiwo. "Anthu oyeza malire anachiimika pomwepa, kuno kukadali thengo ndi munda basi. Malemu bambo ake a mwanayu ataona kuti theka la munda lapita, anachigwetsa n'kuchikwirira pomwe chinaima. Ine ndinkawayang'anira kunjira."

Vitus anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana kum'mawa, kumene kunali mudzi. Kenako anayang'ana kumadzulo, kumene kunali nyumba yake, malata akuwala, makatani a Luwiza akuuluzika pazenera.

"Ndiye kuti nyumbayi..."

"Ili ku Zambia, bambo."

"Ndikuumba njerwa munkandiona! Ndikukumba maziko munkandiona!"

"Ndikanayambira pati kukuuzani? Pakamwa pa mwanayu?"

Luwiza anakhala pansi osadziwa kuti wakhala. Chipinda chawo, khonde limene anazira yekha, bedi limene ankayembekezera kudzagonekapo mwana woyamba, zonse zinali m'dziko la eni. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake n'kuona nkhope ya tenanti wa paesiteti amene wauzidwa kuti amange katundu.

"Mupita?" anafunsa.

Pamsewu panadutsa njinga yonyamula matumba a makala, wokwerayo n'kukuwa moni. A Tabeth anayankha mokweza, atatambasula chitenje chawo kutchinga dzenjelo.

Njinga itazimiririka, Vitus anatola khasu. Anabwezera dothi, n'kuliponda mwamphamvu mpaka panalimba. Kenako anayeza mapazi atatu cha kum'mawa n'kuyamba dzenje lina.

"Mpesawu ukhala ku Malawi," anatero osadzutsa mutu. "Thandala lake tilimanga pamwamba pa chinthuchi, kuti pasadzakumbenso munthu. Luwiza, katenge nkhwangwa, tikadule mitengo lero lomwe."

Luwiza anadzuka, koma anaima kaye pakati pa bwalo. Nkhwangwayo inali m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha kutsegula chitseko chake chomwe.