Chala cha a Kuramochi

Chizuru anali munthu woona zinthu zimene ena sankaziona, ndipo zambiri mwa izo zinali zopanda ntchito. Ankaona msomali wotuluka pabenchi, mavu akumanga pansi pa denga, mwana wa eni akuseweretsa chitseko. Chibadwire mwana wake Fumino khalidweli linanyanya. Mwamuna wake ankamuseka kuti akanakhala mlonda, mbava zonse zikanasamuka m'tauni.

M'komiti ya bungwe losamala njanji yakale ya Ashidani munali anthu asanu. Iye ndiye anali wamng'ono, komanso mkazi yekhayo. Anamupatsa ulembi chifukwa madoda enawo ankaopa kompyuta ngati njoka. Njanjiyo inatsekedwa pamodzi ndi mgodi iye asanabadwe. Chotsala chinali siteshoni ya matabwa, shedi, kanjanji ka mamita mazana anayi, ndi sitima ya bogi imodzi yoyendera dizilo. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankaiyendetsa, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, itadzaza ana ndi abambo a makamera.

Wapampando anali a Kuramochi, a zaka 81. Ndi amene anayendetsa ulendo womaliza tsiku lotseka njanji, ndi amenenso anakakamira eni mgodi miyezi isanu mpaka anavomera kuti sitimayo isaduliwe kukhala zitsulo zogulitsa. Kuyambira pamenepo palibe wina anali atakhalapo pampando wa dalaivala patsiku la alendo. Asananyamuke ankachita zimene dalaivala aliyense amachita: kutambasula dzanja la golovesi yoyera, kuloza chizindikiro, n'kunena mokweza kuti, "Yoshi," kutanthauza kuti zili bwino. Chizindikirocho ndi dzanja lofiira pamwamba pa mlongoti. Likapingasa, sitima iime. Likagwa, ipite. Amaloza kuti diso lisanamize mutu, ndipo amatchula mawuwo kuti khutu nalo lichitire umboni. Ana ankakonda kuwatsanzira, ndipo iwo ankawadzudzula akapinda chigongono.

Mu Juni Chizuru anaima pokwerera sitima, Fumino ali kumsana, ndipo anaona chala cha a Kuramochi chikuloza pambali pa mlongoti, pamene panali mtambo chabe. Anadziuza kuti mwina waima pakona. Mu Julayi anasankha dala malo abwino. Dzanja lofiira linali lopingasa. A Kuramochi analoza, anati yoshi, sitima n'kuyamba kukwawa. Pomwepo a Ushijima, wachiwiri kwa wapampando, amene ankakhala pa mipini yokokera waya wa chizindikiro, analumpha n'kukoka mpini. Dzanja linagwa sitima ili kale m'njira. Kutsogolo, pamene kamsewu ka kuminda kamadutsa njanji, gogo wina anali atangowoloka akukankha njinga. Sanadziwe chilichonse. Anabayibitsa ana a m'sitima.

A Ushijima anapukuta khosi ndi kathawulo, n'kuyang'ana uku ndi uku. Maso awo atakumana ndi a Chizuru anangomwetulira, n'kuyamba kusewera ndi phazi la Fumino, akumufunsa ngati walipira tikiti.

Mwezi umenewo Chizuru sanadye bwino. Iye yemweyo ndi amene anali ataitana sukulu ya mkaka ya Fumino kuti idzakwere sitima mu Ogasiti. Ana makumi awiri. Makalata kwa makolo analemba ndi manja ake, dzina lake lili pansi. Akamachapa ankaona njinga ija. Akamadyetsa mwana ankaona njinga ija itachedwa pang'ono chabe. Mwamuna wake anamulangiza kuti akalankhule ndi a Ushijima pambali, koma iye anakana: wobisa nkhaniyo si a Ushijima omwewo? Mpata nawo panalibe. Misonkhano ikatha madodawo ankapita ku kanyumba kodyera kuseri kwa positi kukamwa, iye n'kuthamangira basi kukatenga mwana kwa apongozi ake.

Msonkhano unachitika Loweruka masana m'chipinda chodikirira sitima, fani ikuzungulira mwaulesi, tiyi wozizira ali m'makapu. Unayamba ndi nthabwala ngati nthawi zonse. A Hatakeyama, oyang'anira njanji, anadandaula kuti udzu ukukula mofulumira kuposa tsitsi la a Ushijima, ndipo a Ushijima anayankha kuti dazi lawo limathandiza bungwe, chifukwa ndilo nyali yokhayo yogwira ntchito mushedi. Pamsonkhano wa komiti sipankagamulidwa kanthu. Nkhani zinkafika zitapsa kale, anthu n'kungogwedeza mitu. Chizuru izi ankazidziwa. Ankadziwanso kuti a Kuramochi akafunsa pomaliza kuti, "Pali china?" yankho lake ndi kusonkhanitsa makapu.

"Chilipo, apampando," iye anatero.

Anawerenga zimene analemba kuseri kwa pepala, monga amawerengera malipoti. Anatchula tsiku ndi nthawi. Anati dzanja linali lopingasa, sitima inanyamuka, dzanja linagwetsedwa pambuyo. Anatchula njinga. Anamaliza ndi kupempha kuti tsiku la ana a sukulu ya mkaka ayendetse wina.

Fani inkangozungulira. A Hatakeyama anayang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera kanthu.

"Ushijima," anatero a Kuramochi, mawu ali pansi, "n'zoona?"

"Apampando, tikambirane bwino nthawi ina."

"Ndakufunsa ngati n'zoona."

"N'zoona."

"Kangati?"

A Ushijima anati kanayi. Chizuru ankadziwapo kamodzi kokha.

A Kuramochi anaimirira, anakonza kolala, n'kuwerama mpaka mutu unatsala pang'ono kugunda tebulo. Anakhala choncho nthawi yaitali, mwakuti Chizuru anaona timadontho ta thukuta pakhosi pawo. Anapepesa chifukwa choika miyoyo ya alendo pangozi ndi kuvutitsa anzawo. Anati munthu amene wanyamuka dzanja lili lopingasa sayenera kutsogolera anthu a njanji, ndipo kuyambira tsiku limenelo akutula pansi upampando, udalaivala ndi umembala. Makiyi a shedi anawaika pakati pa tebulo mosamala kuti asalire. Anathokoza mlembi chifukwa cha lipoti lolondola, n'kutuluka.

A Ushijima anamupeza Chizuru kuseri akutsuka makapu. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anamuuza kuti onse atatu otsalawo ankadziwa kuyambira mu Epulo. Lachitatu lililonse iwo a Ushijima ankapita kwa a Kuramochi ndi botolo, kukacheza za kale, n'kumaponyamo mawu pang'onopang'ono: kuti siteshoni ikusowa munthu wovala chipewa cha mzere wagolide wolandira alendo, kuti achinyamata akufuna wowaphunzitsa. Mkazi wa a Kuramochi anali atalowa kale m'chiwembucho. Dokotala wa maso anali atapezeka. Za tsiku la ana, anali atagwirizana zoti a Hatakeyama adzakhala pambali pa dalaivala, dzanja lili pabuleki, ponamizira kujambula. Pofika Okutobala nkhalambayo ikananena yokha pamsonkhano kuti yatopa, onse akanaikaniza kawiri, kachitatu n'kuvomera.

"Mtengo waukulu sauzula tsiku limodzi, mayi a Fumino. Umayamba wakumba mozungulira mizu, n'kuusiya uzolowere. Kwanu sanakuuzeni?"

"Ndiye bwanji simunandiuze? Inenso ndine wa komiti."

A Ushijima anakanda dazi lawo. "Tinkakambirana kuseri kwa positi kuja. Inu mumakhala mutapita." Anatenga kapu n'kuyamba kuipukuta ngakhale inali youma kale. "Apo tinalakwa ndife. Tinkati mwana uyu tisamusenzetse katundu."

Ana a sukulu ya mkaka anakwera sitima mu Ogasiti, a Ushijima akuyendetsa. Inkanyamuka modzidzimuka ndi kuima mogwedeza, ana n'kumakuwa mokondwa. Kamtsikana kena kanafunsa kuti agogo a chala ali kuti, ndipo Chizuru anakauza kuti akupuma.

Chizuru anapita kunyumba kwa a Kuramochi patatha milungu itatu, atanyamula bokosi la mapeyala lokulungidwa bwino. Mayi Kuramochi analandira bokosilo ndi manja awiri, osamuyang'ana kumaso, n'kupita nalo mkati. A Kuramochi anabwera pakhomo atavala zovala za kumunda. Sanamuuze kuti avule nsapato alowe. Anakhala pa kasitepe ka pakhomo, iye ali chiimire, Fumino akukoka tsitsi lake kumbuyo.

Chizuru anawerama n'kunena mawu amene anayeseza m'basi: kuti analakwitsa malo ndi nthawi, kuti akanayenera kubwera kuno poyamba. Iwo anamudula ndi dzanja. Anati dokotala wapeza kuti pakati pa diso lamanja pachita mdima, ndipo mutu umadzazamo zimene unazolowera kuona. Tsiku lija iwo anaonadi dzanja litagwa. Akanatha kulumbira.

"Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikuuza anyamata kuti chala chisatsogole, chidikire diso. Changa chinayamba kupita chokha, ine osadziwa." Anayang'ana dzanja lawo lili pabondo. "Iwe sunandilakwire, Chizu. Chimene sindikutha kumeza n'choti Ushijima ankagwetsa dzanja kumbuyo kwanga, ine ndikukuwa yoshi pamaso pa ana. Ndipo Lachitatu ankabwera kudzamwa nane."

Chizuru anafuna kunena kuti a Ushijima ankachita zimenezo chifukwa chowakonda, koma anaona kuti akudziwa kale, ndipo kudziwako sikunkawathandiza. M'malo mwake anawapempha kuti abwerere, ngakhale kungodzakhala pabenchi ndi kuuza anthu za mgodi. Anati komiti yonse ikupempha. Zinali zoona.

"Ndiganizira," anatero a Kuramochi, akumwetulira mwana.

Chizuru anakulira m'chigwa chomwecho, choncho sanafunikire womasulira kuti adziwe kuti akana. Anaweramanso, n'kubwerera chammbuyo mpaka pageti.

M'basi anadzifunsa funso limene ankadzifunsa tsiku lililonse: akanadziwa za a Hatakeyama ndi buleki, akanalola Fumino kukwera? Yankho silinkasintha. Sakanalola. Zoti a Kuramochi asiye kuyendetsa sankanong'oneza nazo bondo. Chinkamupweteka n'choti kuchokera pasiteshoni kufika pakhomo paja ndi ulendo wa mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo iye anakhala mwezi wathunthu akuopa, osakwera basi imeneyi.

Mu Okutobala anasankha a Ushijima kukhala wapampando. Palibe anaomba m'manja. Misonkhano ikatha tsopano ankakhalabe m'chipinda chodikirira mpaka nthawi ya basi ya Chizuru, akumuuza zonse, ndi zosafunika zomwe, ndipo ulemu umenewu unkamulemera kuposa kunyalanyazidwa kwa kale.

Lamlungu loyamba la Disembala kunacha ndi chisanu choyeretsa njanji. Injini inakana kulira. A Ushijima ndi a Hatakeyama anayesa kwa ola lathunthu, akutukwanizana mushedi, pamene alendo anali atayamba kale kupondaponda pokwerera, manja ali m'matumba. Mapeto ake a Ushijima anatuluka, nkhope ili ndi oyilo, n'kuuza Chizuru kuti aimbe foni kwa mkulu uja.

"Imbani inuyo. Yanga sayankha."

A Kuramochi anayankha italira kachiwiri, ngati anali nayo pafupi. Chizuru anafotokoza. Iwo anafunsa mafunso atatu achidule, kenako anayamba kumuuza zochita, iye n'kumabwereza mokweza kwa amene anali pansi pa sitima: atenthetse madzi a m'ketulo yaikulu, athire pang'onopang'ono pa paipi ya kumanzere, asakhudze ya kumanja, adikire, amasule kabawuti ka pansi pa sefa mpaka mafuta atuluke opanda thovu. Anati Hatakeyama asamange kwambiri, chifukwa manja ake ndi a wosula makasu. A Hatakeyama atamva anaseka, kenako anatembenukira kukhoma.

Injini inatsokomola kawiri, n'kugwira. Utsi wakuda unadzaza shedi ndipo kunja ana anayamba kudumpha. Chizuru anatambasula dzanja kuti foni iyandikire phokosolo, n'kuigwira choncho kanthawi. Ataibweza kukhutu kunali zii, moti anaganiza kuti yaduka.

"A Kuramochi?"

"Ndikumva. Ikulira bwino. Muisiye mphindi khumi isananyamuke."

Anakoka mpweya kuti awauze kuti basi ya 10 koloko ikadalipo, kuti iye akhoza kudzawachingamira pageti. Koma iwo anali atamuthokoza kale chifukwa cha ntchito yake m'chisanu chotere, n'kudula. A Ushijima ankamuyang'ana ali pakhomo la shedi. Chizuru anapukusa mutu, anaika foni m'thumba, n'kupita kukauza alendo kuti adikireko mphindi khumi.