Mibawa ya Mkamwini

Khonsolo ya tauni ya Kasungu itagwirizana ndi mzinda wina wakunja kuti azigawa mbande kwa aliyense wofuna kudzala mitengo pamalo pake, Levison anapalasa njinga kuchoka ku Njombwa kukatenga zake. Anabwera ndi mibawa yodzaza dengu. Mkazi wake Fainess anamupeza akukumba mayenje m'malire mwa munda, uku akuimba mluzu ngati kamnyamata.

Mluzuwo unaduka atatulukira Zakeyo, mchimwene wake wa Fainess.

"Alamu, mukukumba mbewa?"

"Ndi mayenje a mitengo, alamu."

"Mitengo padothi la yani? Mkamwini amadzala fodya ndi chimanga, zinthu zotha ndi chaka. Mtengo umazika mizu. Mawa abale anu adzabwera kudzaloza mibawayi, amvekere munda ndi wathu."

Levison anagoneka khasu pansi. Munthu woti anabwera pamudzipo ndevu zisanamere, lero imvi zili mbuu, koma anaima ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe. Fainess mtima unamuwira. Mundawo anamusiyira ndi malemu mayi ake, ndipo amene ankautsira manyowa chaka ndi chaka ndi yemweyu akumutcha mlendoyu.

"Achimwene, mitengo imene anasiya mayi ija ili kuti? Si inathera pa zigafa zanu za fodya?"

"Usalowerere, Fainess. Ndikuteteza malo ako."

"Malo anga. Zikomo, mwanena nokha."

Anatola mbande imodzi, kung'amba kachubu kake ndi mano, n'kuyiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Bambo a Chiyamiko, dzalani."

"Akadzala ndizula," anatero Zakeyo.

"Muyambe mwazula Chiyamiko ndi azing'ono ake. Nawonso anawadzala ndi iwowa, padothi lomweli. Sindinakumveni mukudandaula za mizu pamene anawo ankakusokerani fodya."

Amayi ochokera kumjigo anali ataima m'njira, ndowa zili pamutu, ndipo mmodzi analephera kugwira kuseka. Zakeyo anawayang'ana, kuyang'ananso mlongo wake, kenako anakankha dengu ndi phazi pang'ono chabe, poti munthu sachoka osachita kanthu. Analowera kuzigafa kwake.

Levison anagwada. Anaika mbawa m'dzenje, kukwirira, n'kutsindira dothi ndi zikhatho zonse ziwiri kwa nthawi yaitali kuposa mmene mbande imafunira.

Fainess anapempha ndowa kwa mayi woseka uja, nathirira mtengowo mosapupuluma, kuti aliyense wodutsa aone.