Mapazi a Ababa

Mpikisano wathu anthu amauseka akangoumva. Timamanga timbendera khumi ndi tiwiri m'nkhalango ya kuseri kwa sukulu, wothamanga aliyense timamupatsa mapu ndi kampasi, ndiye azitisaka kamodzikamodzi motsata manambala. Woyamba kutipeza tonse wapambana. Timbenderato ndimasoka ndine, poti ndine telala. Koma wosankha malo ake, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano, akhala ali bambo anga, amene anapuma pa ntchito yoyeza malo.

Chaka chino a Wezulo, mphunzitsi amene ndi wapampando wa kalabu yathu, anabwera kushopu kwanga n'kukhala pabenchi ya makasitomala, kuyamba kuzungulira ngati nkhuku yosowa poikira. Akuti madala akula. Akuti chigwereni kubafa chaka chatha sanabwererenso mwakale, ndipo ana a eni akasochera makolo sadzatisiya. Ndinawauza kuti alankhule zomveka, ine ndili ndi diresi la mwini likundidikira. Ndiye anaitulutsa: pakapezeka cholakwika ngakhale chimodzi, ntchitoyo aipereka kwa wina. Ndinapsa mtima mpaka kusokera mkono wa diresi cham'mbuyo. Chimwalirireni mayi, ntchito imeneyi ndi yokhayo imene imawadzutsa ababa m'mawa.

Kachitidwe kathu n'kotere. Woika malo amalowa m'nkhalango yekha n'kumanga kariboni kofiira paliponse pamene padzakhale mbendera. Tsiku lina woyendera amalowanso yekha, ndi mapu basi, kukaona ngati mariboniwo ali pamene mapu akunena. Sayendera limodzi, chifukwa mukatero wachiwiri amangotsata msana wa mnzake. Ndipo woyendera sasuntha riboni, amangokanena zimene wapeza. Lamuloli analiika ndi ababa, ndipo woyendera wa chaka chino ndinali ine.

Lachitatu ndinatseka shopu n'kulowa m'nkhalango. Kuyambira nambala wani mpaka sikisi zonse zinali bwinobwino: pa mphambano ya tinjira, pa mwala waukulu, pa kona ya mpanda. Ndinkayenda ndikumuyankha Wezulo mumtima. Nambala seveni inayenera kukhala m'kakhwawa kachiwiri ukachoka pa mpanda, kumene kulibe njira. Ndinafika, ndinayang'ana, riboni palibe. Ndinakwera, ndinatsika, zisoso thoo m'masokosi. Ndinakaipeza ndikubwerera, ikulendewera m'kakhwawa koyamba, mamita ngati 80 usanafike pamalo pake. Nambala naini chimodzimodzi. Teni chimodzimodzi. Zonse zakutali zinali zitaperewera.

Sindinama, riboni ya nambala teni ndinaimasula. Ndinaima nayo m'manja nthawi ndithu. Akanadziwa ndani? Koma mfundo yake inali ya ababa, ija amamanga kawiri n'kusiya kamchira kofanana mbali zonse, ndipo ndinachita manyazi ngati akundiona. Ndinaimanganso pa nthambi yomweyo, misozi ili mbwembwembwe, ndikudzitukwana.

Ababa ndinawapeza patebulo la pabalaza, mapu atayala, mapensulo atawandandalika malinga ndi kutalika, wailesi ikulankhula yokha. Ndinawauza osazungulira. Anavula magalasi, n'kundiuza kuti wasochera ndine, kuti iwo anayeza minda ine ndisanabadwe. Kumene kulibe njira, ababa amayeza mtunda powerenga mapazi: mwendo wamanzere ukaponda maulendo 62, amenewo ndi mamita 100. Nambala imeneyi anaipeza ali mnyamata ndipo sinawanamizepo. Kuchoka pa mpanda kukafika pa seveni ndi mamita 400, ndipo iwo anawerenga 248 ndendende. Anandionetsa m'kabuku kawo, atalemba ndi pensulo.

Ndinawafunsa kuti mapaziwo anawayeza liti komaliza. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa kuti dzina lawo analiyeza liti.

Tinapita ku bwalo la mpira la pasukulu ndi tepi yawo yakale yoyezera, ya chikwama chachikopa. Tinayeza mamita 100, ine n'kuima kumapeto. Ananyamuka atawongola msana, akuwerenga mokweza kuti ndimve. Atafika pa 62 anaima. Ine ndinali ndikadali uko, patali poti sakanandiponyera ngakhale chipewa n'kundipeza. Anayang'ana pansi, anayang'ana ine, kenako anapitiriza, koma tsopano akuwerenga chamumtima. Atandifika ndinafunsa kuti zakwana zingati. Anati 78, ndipo anafuna kubwereza. Ulendo wachiwiri zinakwana 79.

Tinakhala pa benchi ya osewera. Ankapinda tepi pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Mtima unandiwawa kwambiri, moti ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinawauza zimene a Wezulo ananena, zomwe ndinali nditawabisira. Ndinati mawa m'mamawa tikhoza kukakonza tonse awiri, popanda wodziwa, poti vuto talipeza ndipo nambala yatsopano tili nayo. Ndinalankhula zambiri, ine pakamwa sipandivuta. Anandisiya mpaka nditatha.

"Chaka chino ndi mapazi, wawagwira," anatero. "Chaka chamawa chidzakhala china chimene sudzachigwira. M'nkhalangomo mudzalowa ana a anthu."

Anati apita okha kukawauza a Wezulo, tsiku lomwelo, ndi pakamwa pawo. Zakutali zitatuzo ndikaike ndine, wina adzaziyendere. Zapafupi zisanu ndi zinayi zikhale momwe zilili, poti zili bwino, ndipo aliyense wotsutsa apite akayeze. Pamenepo mawu anakwerako pang'ono, ine n'kuseka mamina ali panja. Kenako anandipatsa tepi ija. Ndinati ndiwanyamulira mpaka kunyumba. Anati ayi, kunyumba kwa tepiyo tsopano n'kwanga.

Nyumba ya a Wezulo ili kumapeto kwa msewu wa pasukulu, kupitirira malo ochapira magalimoto. Tinanyamuka, tepi ili m'khwapa mwanga. Titafika pochapira magalimotopo anaima n'kuyang'ana mapazi anga.

"Iwe, tikamapita kumsika muja, umachita kundidikira?"

Ndinafuna kukana, koma tsiku limeneli bodza linali litandikana kale. Ndinati eya.

"Kuyambira liti?"

"Chitulukireni m'chipatala, ababa."

Anagwedeza mutu. "Ine ndimati mwana wanga makina akumutopetsa. Ndimachita kuchepetsa liwiro kuti usatsalire."

Anandigwira pa chigongono, chinthu chimene sanachitepo pamsewu, ndipo tinapitiriza ulendo, aliyense akudikira mnzake.