Njinga ya Fithawi pa Mtsetse wa Durfo

Tekie anayamba kuphunzira njinga ya m'mapiri imvi zitamera kale, ndipo tsoka lomuphunzitsa linagwera ine. Kupalasa ankadziwa, nanga ndani sadziwa mu Asmara muno? Zaka zonse za utelala wake ankapita kuntchito pa chinjinga chakuda chopanda magiya, msana uli njo, jekete yomanga mabatani onse ngati akukaimira ukwati. Koma tala wa mumzinda ndi wina, miyala ya kuphiri ndi ina.

Njingayo inachokera ku Sweden kwa mwana wake mmodzi yekhayo, Fithawi, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba kumeneko. Inafika m'chikatoni, matayala ake onenepa, mafoloko akutsogolo onyutuka, mabuleki ogwira ngati msampha. Mnyamatayo anali atazolowera kupalasa m'nkhalango za kumeneko, ndiye anauza bambo ake kuti akabwera pa chikondwerero cha Meskel adzatsika limodzi kuchokera ku Bet Giorgis mpaka ku Durfo, podzera njira ya abulu imene ankadutsa ali mwana pokathyola beles, zipatso za chitsamba chaminga. Anawonjezera kuti mdalayo ayambiretu kuphunzira, asadzamuchititse manyazi. Tekie anaseka pa foni, koma mawa lake anakankha njingayo mpaka pa kashopu kanga kokonzera njinga, n'kuimika pakhomo ngati wabweretsa mbuzi yodwala.

Ine ndine Zerom. Ndinakula naye Tekie msewu umodzi, ndipo pa unyamata ndinachitako mipikisano ya njinga. Chimene anthu amandidziwa nacho kwambiri ndi pakamwa. Sindidziwa kuphunzitsa munthu mofatsa, ndipo sindinayambe ndafuna kudziwa.

Tsiku loyamba, pa kamtsetse kakang'ono kamene mwana angatsike akudya, Tekie anafinya buleki yakutsogolo ndi dzanja lonse monga ankachitira pa chinjinga chake chakale. Njinga inaima, mwini wake anapitirira, n'kukathera m'chitsamba cha beles. Mkazi wake, Mihret, anathera masana onse akumuzula minga, kwinaku akunditemberera ine ndi makolo anga omwe. Sindinamuimbe mlandu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali lathu. Ndinkamuuza zinthu zomwezomwezo mpaka mawu kusasa: anyamuke pa chishalo, matako apite kumbuyo, pa buleki aikepo chala chimodzi, ayang'ane kumene akufuna kupita osati mwala umene akuuopa. Iye ankamva zonse, n'kuvomera ndi mutu, kenaka n'kukhala pa chishalo nga nga nga, maso ali pa mwala, mpaka kuugunda. Ndinkamutcha thumba la makala. Ndinkamuuza kuti bulu wa kwa aliyense amuposa nzeru, poti bulu amadziwa poponda.

"Ukadzafa iwe, Zerom," ankatero akudzisasa fumbi, "pakamwa pako tidzakwirira padera."

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kugwira. Sindinamuuze, chifukwa munthu ukamuyamika amaiwala kuopa, koma ndinkaona. Malo amodzi okha ndi amene anamukanika. Chapamwamba pa Durfo njira imakhota, n'kutsika pa miyala yosanjikizana ngati masitepe, kumanzere kuli phompho. Tikafika pamenepo Tekie ankatsika n'kukankha, ine n'kumamunyoza mpaka pansi. Kenaka tinkabwerera msanga, chifukwa Loweruka masana ankapita kumalo a intaneti kukalankhula ndi mwana wake, ndipo ankamunamiza kuti masitepewo watsala pang'ono kuwagonjetsa.

Lachisanu lina, nyengo ya beles ikupita kumapeto, a Habtezghi, alongo ake a Mihret, anafika pa shopu yanga opanda njinga. Anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kumayang'ana tcheni chimene ndinkatsuka. Kenaka anandiuza kuti Fithawi wagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga, ndipo sanafike kuchipatala ali moyo. Anzake a kumeneko anaimbira iwowo monga amalume.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinakhala pansi, manja ali mafuta okhaokha, ndipo ndinalira ngati mwana. Mnyamata ameneyo ndinamuphunzitsa ndine kumata chubu.

A Habtezghi anandisiya ndilire, kenaka anafika pa chimene anabwerera. Uthenga wotere sitiuponya pa foni kapena pa msewu. Amaunyamula akuluakulu m'mamawa, munthu atagona tulo take n'kudzuka m'nyumba mwake, abale omugwira ali pafupi. Mng'ono wake wa Mihret anali ku Keren ndipo akanafika Loweruka madzulo, choncho uthenga unali wa Lamulungu. Vuto linali Loweruka masana. Anyamata a kumalo a intaneti aja anali atamva kale, ndipo Tekie akanangolowa pakhomo akanawerenga pa nkhope zawo, kapena akanaimba n'kuyankhidwa ndi mlendo. Anandipempha kuti ndimutengere kutali, ndimuchedwetse mpaka malowo atatseka.

Ndinakana. Ndinati ine bodza silindikhala, atume wina. Iwo anandifunsa kuti winayo ndani, amene Tekie angamutsatire kuphiri tsiku lonse. Mapeto ake ndinavomera. Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti m'dera lathu, pakagwa zotere, munthu woyamba kumusankha kuti akagogode pakhomo la ofedwa anali Tekie yemweyo, chifukwa cha mawu ake ofatsa.

Loweruka Tekie anatulukira atavala chisoti chimene chinabwera ndi njingayo, ndi buluku limene anadzisokera yekha, lopanikiza m'miyendo kuti lisakodwe mu tcheni. Anali wosangalala. Ndinamuuza kuti lero tifika mpaka ku Durfo kwenikweni, tibwerera pa msewu wa tala, ndipo anati n'zabwino, bola ndimubweze pa nthawi yake. Ndinavomera ndikuyang'ana tayala lake lakumbuyo.

Njira yonse yotuluka mumzinda ankalankhula za Fithawi. Ankamusokera jekete yoti adzavale pa Meskel, koma sankadziwa ngati mnyamatayo wanenepa, chifukwa pa foni amaoneka nkhope yokha. Anandifunsa ngati asiye malo m'mapewa. Ndinati asiye. Anandifunsanso ngati ndikuganiza kuti akubwera ndi nkhani ya mkazi, poti amayi ake akuona choncho. Ndinati mwina. Ndinkapalasa kumbuyo kwake kuti asandione nkhope.

Titalowa m'njira ya miyala, anakhala pa chishalo pamalo oyenera kunyamuka. Sindinamutukwane. Munthu ungamutche bwanji thumba la makala ukudziwa chimene chikumudikira mawa? Ndinangoti anyamuke pang'ono. Patsogolo pake anayang'ana mwala, n'kuugunda, n'kugwa chammbali. Ndinatsika msanga, ndinamudzutsa, ndinamupukuta chigongono ndi mpango wanga, n'kumupepesa. Ndinati mwalawo unali pamalo oipa.

Tinapumula pansi pa mtengo pamene amayi ena ankagulitsa beles. Masiku onse aliyense ankasenda zake, ndipo ndinkamuseka akabayidwa. Tsiku limenelo ndinamusendera ndine. Kitcha, buledi wopyapyala wa kwathu, imene mkazi wanga anatimangira ndinainyema, n'kumupatsa mbali yaikulu. Ndinkaganiza kuti ndikuchita bwino. Ndinkangofuna kuti tsiku lomaliza limene anali nalo asanamve uthengawo likhale lopanda chomupweteka, ndipo chisoni chinanditseka maso moti sindinaone kuti Tekie wasiya kulankhula.

Dzuwa linapendeka tili m'njira. Ndinachedwetsa ulendo ndi tizifukwa, kupopa tayala losafuna mpweya, kumanga chishalo chimene sichinamasuke. Iye ankangoima n'kumandiyang'ana ndikugwira. Nkhungu inayamba kukwera kuchokera kuchigwa monga imachitira masana, n'kuphimba njanji ya sitima kumunsi.

Tinafika pa masitepe aja. Tekie anaima, phazi limodzi pansi, koma sanatsike kuti akankhe. Ndinamuuza kuti palibe chokakamiza, atha kukankha, ndipo njinga yakeyo ndimunyamulira ndine. Iye ankayang'ana nkhungu.

"Lero sunanditukwane, Zerom," anatero.

Ndinayesa kuseka. Ndinati ndakalamba, mano otukwanira atha.

"Ndagwa, wandipepesa. Wandisendera zipatso. Loweruka lililonse umandithamangitsa kuti ndisachedwe kukalankhula naye, lero dzuwa sukuliyang'ana n'komwe." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Makomo ndagogoda ambiri ine m'mamawa. Ndikudziwa mmene timamusamalira munthu dzulo lake."

Ndinati, "Tekie, mbale wanga," ndipo sindikudziwa chimene ndikananena pambuyo pake, chifukwa anakweza dzanja.

"Usanene. Pano si pakhomo."

Dzanjalo analibweza pa chiwongolero n'kugwira mwamphamvu mpaka zala kuyera. Anati Mihret ali yekha kunyumba, ndipo iye sangalowe m'nyumbamo atamva, mkazi wake asanamve. Anati akapanda kumva ndi makutu ake atha kudya naye chakudya chamadzulo n'kumuyankha akafunsa za ulendo. Anandifunsa ngati mng'ono wake wa Mihret waitanidwa, ndipo nditavomera ndi mutu anati a Habtezghi achita bwino. Ankalankhula ngati akukonza za maliro a pakhomo pa munthu wina, ndipo mtima wanga unasweka kuposa mmene ukanaswekera akanadzigwetsa pansi.

"Mubwere mawa monga mwa mwambo," anatero. "Ubwere nawo iwenso. Chitseko ndidzatsegula ndine."

Ndinamupempha kuti tibwerere, kapena tikankhe mpaka pa msewu tikadikire galimoto. Munthu wotere sumulola kutsika pa miyala, phompho lili pambali. Anakana. Anakonza lamba wa chisoti, ngakhale kuti unali womanga kale, n'kubweza njinga kumbuyo pang'ono kuti apeze poyambira.

"Mpaka mawa m'mamawa, mwana wanga akubwera pa Meskel," anatero, "ndipo ine masitepe awa sindinawatsikepo. Ndiphunzitse. Koma undiphunzitse ngati kale, osati zako zalerozi."

Ndinaima m'mbali mwa njira, kumbali ya phompho, kuti akapotoka agunde ine. Misozi inkanditseka maso. Anayamba kupalasa, ndipo atafika pa mwala woyamba anali akadali pa chishalo.

"Nyamuka, thumba la makala iwe!" ndinakuwa, mawu akusweka. "Matako kumbuyo! Chala chimodzi, bulu iwe, chimodzi!"

Ananyamuka. Tayala lakutsogolo linatsika mwala woyamba, mafoloko n'kunyutuka, lakumbuyo n'kutsatira. Pa wachiwiri njinga inapendeka, mutu wake n'kuyamba kutembenukira kuphompho, ndipo ndinamutukwana ndi mawu amene sindingawalembe, kumuuza kuti ayang'ane njira. Anayang'ana njira. Anatsika wachitatu, ndi ena onse otsatira, mopepesa, monjenjemera, koma phazi silinagunde pansi mpaka pamene njira imawongoka.

Kumunsiko anaima. Sanatembenuke kuti aone ngati ndaona. Anatsamira pa chiwongolero, mutu uli pansi, msana uli kwa ine, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinafuna kuthamangira komweko, koma ndinadziwa kuti ndikamugwira ndiye kuti ndanena. Ndinakhala pa mwala n'kumudikira, ine kumtunda iye kumunsi, mpaka anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya.

"Tsika, Zerom," anaitana, asanatembenukebe. "Mihret akandifunsa, ukamuuze wekha kuti ndatsika. Ine sandikhulupirira."