Ana Atabisa Lamba wa Makina a Mayi Telala

Maondo a Mayi Telala anayamba kuvuta chaka chimene amuna awo anamwalira. M'mawa akadzuka, miyendo inkakhala ngati si yawo. Ankakhala kaye pabedi n'kumasisita maondo, kenako n'kutsika masitepe pang'onopang'ono atagwira khoma.

Ankakhala m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa shopu yawo yosokera zovala. Chipindacho chinali chaching'ono, koma ndimo anakulira ana awo awiri. Masiku amenewo Mayi Telala ankakwera masitepewo chothamanga, mwana ali kumsana, nsalu za makasitomala zili m'manja. Malemu ankakuwa ali pazenera kuti, "Pang'onopang'ono mayi, mutigwetsera nyumba!" Zinali zaka zokoma, ndipo mayiwo akakumbukira ankaseka okha misozi ikulengeza.

Ana ataona mmene mayi awo akuvutikira, anakhala pansi. Wamkulu, wamwamuna, ankagwira ntchito mu ofesi. Mlongo wake anali mphunzitsi.

"Achimwene, amayi atha ndi makina opondawa," anatero mphunzitsiyo. "Ukawaletsa, angoti inde, iwe ukangotembenuka ayambiranso."

Mchimwene wakeyo sanachedwe. Anavula lamba wa makinawo n'kukamubisa kwake. Anagula mpando wawofuwofu n'kuuika mu shopu. Mlongo wake ankabwera tsiku lililonse ndi makeke, zakumwa zotsekemera ndi mapilisi opha ululu ogula pagolosale.

"Amayi, mwatilera, tsopano pumani," ankatero anawo. "Musagwirenso kanthu."

Anawa anali abwino mtima, zimenezo palibe angatsutse. Koma chikondi chawo chinawamangirira mayi awo pampando. Miyezi itapita, thupi linakula, madiresi anayamba kuthina, ndipo maondo anauma gwa. Masiku ena ankalephereratu kukwera m'mwamba, n'kugona mu shopu momwemo pakati pa nsalu.

Kenako mwana wamwamuna uja anagamula. "Amayi, masitepe awa akuphani. Nyengo yozizira isanafike ndibwera ndi lole, muzikakhala kwathu. Chipinda cham'mwambachi alowemo anthu ena."

Mwanayo atapita, Mayi Telala analira kwambiri. Kusiya chipindacho kunali ngati kuikanso maliro a amuna awo.

Tsiku lina kunabwera namwino wokhala nyumba yoyandikana nawo. Kuchipatala ntchito yake inali yochititsa odwala mafizo, masewera olimbitsa ziwalo. Anabwera ndi yunifolomu yong'ambika pathumba.

"Pepa mwanawe, sindikusokanso," anatero Mayi Telala. "Ana anga anandilanda lamba kuti maondo apume."

"Nanga apuma, Amayi?"

"Apuma kuti! Ndiye afika poipa."

Namwino anaponda chopondera cha makinawo. Chinalira kwiii, osafuna kuyenda. "Makinawa atani?"

"Auma. Makina akakhalitsa osayenda amatero. Malemu akanawaona chonchi, bwenzi atandikalipira."

"Maondo anunso ndi chimodzimodzi, Amayi. Mfundo za mafupa zimafuna kuyenda. Mukazisiya zimauma, ndipo minofu yozigwira imafooka. Ndiitanireni ana anu aja."

Anawo atabwera, namwino sanawanyoze. Anawauza kuti choyamba apite nawo mayi awo kuchipatala. Adokotala atawayeza anati ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa mfundo, ndipo anawapatsa mankhwala oyenera.

"Ndiye achira?" anafunsa mphunzitsi atabwerako.

"Nyamakazi yotereyi sitheratu," anayankha namwino, "koma ululu umachepa kwambiri munthu akamadzisamalira. M'mawa aziika kansalu kofunda pamaondo. Akakhala pampando, aziwongola mwendo, kuugwira pang'ono m'mwamba, n'kuutsitsa. Zimenezi zimalimbitsa ntchafu. Aziyenda tsiku lililonse, kuyambira pafupi, atavala nsapato zafulati zosathina."

"Nanga zikamapweteka?" anafunsa wamwamuna uja.

"Kupweteka pang'ono poyamba si koopsa. Koma bondo likatupa, likatentha kapena kufiira, kapena thupi likatentha, asiye kaye, muthamangire nawo kuchipatala. Mapilisi ogula mwachisawawa aja muwasiye, amatha kuwononga m'mimba ndi impso. Makeke ndi zotsekemera muchepetse. Muziwapatsa masamba, zipatso, nyemba, nsomba ndi madzi akumwa okwanira. Thupi likalemera, amene amasenza katunduyo ndi maondo."

Mayi Telala anayang'ana mimba ya mwana wawo wamwamuna. "Wamva, bwana? Mimba iyo ikubwera ndi nyamakazi yako."

Onse anaseka, koma namwino anati, "Sakunama Amayiwa. Kupewa kumayamba munthu akadali ndi mphamvu. Inu mu ofesimo musamakhale pampando tsiku lonse, muziimirira n'kuyendako. Inunso aphunzitsi, nsapato zagogoda zatsiku ndi tsikuzi maondo sazikonda. Ndipo lamba uja abwerere. Amayi azisoka pang'ono, kuimirira, kudziwongola, n'kupitiriza."

Lamba anabwerera mawa lake, koma zinthu sizinayende msanga. Masiku oyamba Mayi Telala ankangofika pakona pa msewu n'kubwerera akudandaula. "Namwino ameneyu alibe chisoni," ankatero. Tsiku lina anakaniratu kutuluka. Mwana wawo wamkazi anavala nsapato zafulati n'kunena kuti, "Tiyeni Amayi, tiyendere limodzi. Mukandionetse kumene munakumana ndi ababa." Anapita, ndipo nkhani zakale zitakoma, anafika patali osazindikira.

Pang'ono ndi pang'ono madiresi anasiya kuthina. Makina anayambanso kumveka mumsewumo, ndipo makasitomala akale ankaima pakhomo n'kumati, "Mwadzuka kodi? Tinakusowani!"

Komabe mwana wamwamuna uja mtima sunakhale pansi. Kuzizira kutayandikira, anabweradi ndi lole. Mu shopu sanapezemo munthu. Anakwera m'mwamba ali wefuwefu, n'kupeza mlongo wake ataima pampando akupachika makatani atsopano, mayi awo ali chilili akulozera pokhota.

"Amayi, mwakwera nokha?"

"Umafuna andinyamule ndani? Ndatsika m'mawa, ndasoka, ndakweranso. Amene akupuma movutika pano ndiwe."

"Koma lole ili panja."

"Taona makataniwa, mwana wanga. Ndasoka ndekha, ndi miyendo yomweyi. Ukuganiza kuti ndasokera alendo? Maondo amapwetekabe nthawi zina, sindikubisa, koma tsopano ndikudziwa chochita nawo. Muno sindichokamo."

Mwana wamwamunayo misozi inalengeza m'maso. Kenako anasuzumira pazenera n'kuuza dalaivala kuti azipita.

Tonsefe tiphunzirepo. Munthu wodwala nyamakazi tisamamukhazike pampando tsiku lonse poganiza kuti tikumuthandiza. Apite kuchipatala, aziyenda ndi kuchita mafizo mofatsa, azidya zakudya zoyenera ndiponso asanenepe kwambiri. Ife amene maondo sanayambe kuvuta, tiyambe lero kuwasamalira. Ngati timawakonda makolo athu, tisawalande ntchito ndi kuyenda. Tiwagwire dzanja, tiyende nawo.