Makiyi a Pageti

Kwa zaka ziwiri galasi la zenera la kukhitchini linali ndi chibowo, ndipo mkazi wanga ankachitchula m'mawa uliwonse ngati pemphero. Komabe tinachizolowera. Munthu akagogoda pageti, tinkangomuponyera makiyi kudzera pomwepo.

Loweruka lina ndinatopa nako kunyozedwa. Ndinayeza zenera, ndinakadulitsa galasi latsopano, n'kulimata ndekha. Ndinalipukuta mpaka linkaoneka ngati palibe.

Ndili mkati mosamba m'manja, mkazi wanga anafika pageti kuchokera kumsika.

"Bambo a ana, makiyi!"

Dzanja silinafunse mutu. Phwaa!

Atalowa anayang'ana zidutswa za galasi, kenako anayang'ana ine.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero. "Chibowo chakale chija chinalidi chaching'ono."