Mgolo Unazungulira Manase

Keziya ankamanga mawaya a rileyi yomaliza, kaswichi koyatsa ndi kuzimitsa mota, maso ali pakhomo la mgolo woumitsira mpunga. Mkatimo munali Ambokile, akusesa mankhusu uku akuimba mokhotetsa dala.

"Injiniya wanga, utha liti? Ndikalamba muno!"

"Khala chete iwe. Mawu ngati bakha wachimfine."

Keziya anaseka yekha. Maganizo anali kale pa njinga ya Ambokile, pamsewu wa ku Chilumba, mphepo ikumukupizira chitenje. Rileyiyo inali ndi timabowo tiwiri toyandikana: kena kamapereka moto kontirola, kachipangizo koyendetsa mgolowo, ikalamula, kena kamapereka moto kontirola ikazima. Analowetsa waya wa mota, n'kumanga msangamsanga.

Nyimbo inamveka kuchokera kuminda ya Wovwe. Anali maliro a Manase, mkulu amene anayendetsa mgolowu kuyambira chigayo chili chatsopano. Dzuwa linali paliwombo, koma mbalame za m'mpunga zinali zii.

A Chawanangwa, amalume a Keziya amene ankamuphunzitsa ntchitoyi, anavula chipewa.

"Zimitsa chako icho, mwana wanga. Maliro akamadutsa sipayaka kanthu."

"Yewo, a Sibweni," anavomera, poti kwawoko amalume amawatchula choncho.

Anazimitsa kontirola. Timagetsi tobiriwira tinafa. M'bokosi la mawaya munamveka kuti *tha*.

Mgolo unabuula, n'kuyamba kuzungulira, pang'onopang'ono, ngati munthu akutembenuka m'tulo.

Onyamula bokosi la maliro anaima pamsewu. Nyimbo inaduka pakati pa liwu. "Mwe! Manase wabwera kuntchito!" anakuwa mayi wina, ena n'kugwada m'fumbi.

Mkati mwa mgolo munagunda chinthu cholemera. Chinagundanso.

"Ambokile!"

Swichi yaikulu inali kuseri kwa nyumba, kutali. Keziya anayang'ana waya uja, pabowo lolakwika, n'kuyatsanso kontirola. Inachedwa kudzuka, manambala akuphethira. Kenaka *tha*. Mgolo unaima, pakhomo pake pakutuluka fumbi loyera.

Palibe anasuntha. Keziya anakwawira pakhomopo.

Ambokile anatuluka chafutambuyo, ali mbuu, magazi akuchucha pachipumi. Anali wamoyo. Keziya anamukumbatira pamaso pa amalume ndi mpingo wonse, osasamala. Koma iye sankamuyang'ana. Ankasuzumira mumdima wa mgolomo.

"Atulutseni nawonso," anatero chapansipansi.

"Ndani?"

"Amene anandigwira lamba. Mutu wanga ukanalowa m'zitsulo zija."

A Chawanangwa anaunika ndi tochi ya foni. Munali tsache lokha.